Momwe mungayezere kusintha kwa kutentha kwa mpweya m'nyumba ndi pa Phiri la Zomba

Aliyense amene anakwerapo ku Ku Chawe, pamwamba pa Phiri la Zomba, atavala malaya opyapyala amadziwa kuti kumtunda kumazizira, komabe munthu yemweyo akakwera pampando kuti asinthe babu masana a mwezi wa Okutobala, amapeza kuti pafupi ndi malata n'potentha kuposa pansi. Zonse ziwirizi n'zoona, ndipo mutha kuzitsimikizira nokha.

Choyamba, pezani themomita yoyezera mpweya. Ya kuchipatala ija singathandize, chifukwa inapangidwira kutentha kwa thupi ndipo sisonyeza manambala otsika.

Yambirani m'nyumba cha m'ma 2 koloko masana, mutatseka zitseko ndi mawindo. Mangirirani themomita ku chingwe, muilendeweretse pafupi ndi simenti, kenako pamsinkhu wa pachifuwa, pomaliza pafupi ndi denga, ndipo paliponse mudikire mphindi 10 musanalembe nambala. Isakhudze malata kapena khoma, ndiponso musaifumbate m'manja, chifukwa mukatero muyeza dzanja lanu. Mupeza kuti nambala ikukwera mukamayandikira denga, popeza mpweya wotentha ndi wopepuka ndipo umasonkhana m'mwamba, komanso malata amaonjezera moto wake. N'chifukwa chake nthawi yachilimwe ambiri amasiya bedi n'kuyala mphasa pansi.

Kunja ntchitoyi imafuna anthu awiri ndi mathemomita awiri amene mwayamba mwawaika pamodzi kuti muone ngati akugwirizana. Mmodzi atsale m'tauni ya Zomba, yomwe ili pamtunda wa mamita pafupifupi 900 kuchokera pamene pamalekezera nyanja yamchere, ndipo wina akwere phiri, ayeze pa damu la Mulunguzi, kenako apitirire kumtunda, kumene nsonga zina zimaposa mamita 2,000. Muziimbirana foni kuti muwerenge nthawi imodzi, nonse muli pamthunzi, kutali ndi phula, themomita ili mita imodzi ndi theka kuchokera pansi. Mukanyalanyaza zimenezi, n'kutheka kuti wina ayeza m'mawa wina masana, ndipo manambalawo sadzatanthauza kanthu.

Kawirikawiri kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6.5 pa mamita 1,000 alionse amene mwakwera. Dzuwa limatenthetsa nthaka, nthakayo n'kutenthetsa mpweya, ndipo mpweya ukamakwera umafika kumene sukupanikizika kwambiri, choncho umafufuma n'kuzizira.

Gawo losangalatsa kwambiri, kwa ine, ndi la m'bandakucha wa mwezi wa Juni kapena Julayi, usiku ukakhala wopanda mitambo ndi mphepo. Yezani m'dambo, kenako pamtunda woyandikana nalo. Nthawi zambiri m'dambomo ndi momwe mumazizira kwambiri, chifukwa usiku nthaka imataya kutentha kwake, ndipo mpweya wozizira, pokhala wolemera, umatsetsereka ngati madzi n'kukadikha m'munsi, momwe nkhungu imagona mpaka dzuwa litakwera. Mukapita kukayeza, tengani tochi ndi juzi, ndipo muwerenge isanakwane 6 koloko.