Momwe mungapezere zomwe zasintha pakati pa mafayilo awiri a Scratch

Mwana wa achemwali anga ku Matawale anabwera ndi fulashi, nkhope ili yakugwa. "Amalume, dzana mphaka wanga amadumpha, lero wangoti chilili." Pa fulashipo panali mafayilo awiri a gemu yake, wina "gemu", wina "gemu yeniyeni". Tinawatsegula onse n'kuyamba kuyang'ana zidutswa zamitundumitundu zija chimodzichimodzi mpaka maso kuwawa, koma osaona kanthu.

Scratch, pulogalamu yopangira magemu polumikiza zidutswa za malamulo yomwe inapangidwa ku yunivesite ya MIT ku America, ilibe batani lofananitsira mafayilo. Mwayi wake ndi woti kuyambira pa Scratch 3.0 ya 2019, fayilo ya .sb3 ndi zip chabe (phukusi la mafayilo angapo) yovala dzina lina.

Choyamba kopani mafayilo onse awiri, enieniwo musawakhudze. Pa makope aja sinthani mchira wa dzina kuchoka pa .sb3 kukhala .zip, kenaka masulani iliyonse mu foda yakeyake. Ngati mchirawo sukuoneka pa Windows, yatsani File name extensions pansi pa View mu File Explorer. Amene muli ndi pulogalamu yomasulira zip ya 7-Zip simufunikanso kusintha dzina.

M'katimo mupeza zithunzi, mawu, ndi project.json. Pulogalamu yonse yagona mmenemo, koma inalembedwa pa mzere umodzi wautali zedi, moti mukafananitsa ili choncho kompyuta ingokuuzani kuti mzerewo wasintha, basi. Iyaleni kaye. Ngati muli ndi pulogalamu ya Python, tsegulani Command Prompt (windo lolembamo malamulo a kompyuta), lowani mu foda yoyamba mulembe kuti:

python -m json.tool project.json > yakale.json

Chitaninso chimodzimodzi mu foda inayo, muitche yatsopano.json. Tsopano tsegulani ziwirizo mu WinMerge kapena Meld, mapulogalamu ofananitsira mafayilo omwe amapaka utoto mizere yosiyana. Onsewa ndi aulere ndipo mukangowaika safunanso bandulo.

Apa ndi pofunika kudekha, chifukwa mizere yopakidwa utoto imachuluka kuposa zomwe zasinthadi. Mukangosuntha mulu wa zidutswa, manambala a "x" ndi "y" amasintha. Mukasewera gemu musanasunge, malo amene mphaka waima ndi zigoli zimalowanso mu fayilo. Mukachotsa chidutswa n'kukoka china chofanana nacho, chimapatsidwa dzina latsopano la zilembo zosokonekera. Zonsezi zidumpheni. Maso anu akhale pa "opcode", pomwe pamanena ntchito ya chidutswa, komanso pa "inputs" ndi "fields", pomwe pamakhala manambala ndi zosankha. Mwachitsanzo, motion_movesteps ndi kuyenda, motion_changeyby ndi kukwera kapena kutsika.

Ifeyo tinapeza vuto pa motion_changeyby. Pomwe panali 50 panatsala 0. Mphwangayo anati mwina chala chinaterereka tsiku lomwe ankathamangira kusunga magetsi atathima, batire ya laputopu ili pafupi kutha. Ine ndikukayikira kamng'ono kake, komwe kamakonda kudinadina.

Zithunzi ndi mawu sizivuta. Mayina ake aataliwo amachokera pa zomwe zili m'kati mwa fayilo, ndiye chithunzi chikasintha ngakhale pang'ono, dzina nalo limasintha. Fananitsani mafoda awiriwo mu WinMerge, mutsegule okhawo amene alibe mnzake mbali inayo.

Mukapeza cholakwikacho, kakonzereni mu Scratch momwemo, osati mu project.json. Kachizindikiro kamodzi kakasowa mmenemo, gemu yonse imakana kutseguka. Tisanatseke laputopu ndinamuuza mphwanga kuti azilemba deti pa dzina la fayilo nthawi iliyonse akasunga. Anavomera, kenaka n'kuitcha "gemu yeniyeni yomaliza".