Kabuku ka bungwe la maliro kakhoza kukafika ku Nyumba ya Malamulo

Ndine mlembi wa bungwe lathu la maliro kuno ku Mufakose, mu mzinda wa Harare ku Zimbabwe. Ntchito yathu yodziwika ndi bokosi, ufa, nkhuni ndi basi yopita kumanda. Agogo anga aamuna adachoka ku Dedza nthawi ya Chitaganya nkudzagwira ntchito m'mafamu a fodya, ndipo ambiri m'bungwemu mbiri yawo ndi yomweyo. Tsiku lina tikukonza maliro a mayi wina tidapeza kuti malemuwo analibe chitupa, mwana wawo alibe chiphaso chobadwa, mdzukulu nayenso alibe, pomwe nthawi yolembetsa mayeso a Grade 7 inali itayandikira. Tidasonkha ndalama ya kombi, tidawaperekeza ku maofesi. Mwezi wotsatira kudabwera banja lina ndi vuto lomwelo. Mpamene ndidaona kuti tikamangoperekeza mmodzimmodzi tidzatopa, mzere usanathe.

Choncho ndikulembera inu apampando ndi alembi anzanga a timabungwe ta kumpingo, ta amayi ndi ta maliro. Ambirife timaopa kuti kulankhula ndi opanga malamulo ndi ndale. Kuchemerera chipani ndi kwina, kupempha kuti lamulo likonzedwe ndi kwinanso. Lamulo la mabungwe omwe si aboma, lotchedwa PVO, lomwe lidasinthidwa mu 2025, limaletsa bungwe kuthandiza kapena kutsutsa chipani kapena wopikisana pachisankho. Koma malamulo oyendetsera dziko a 2013, pa ndime 149, amapatsa nzika ndi aliyense wololedwa kukhazikika muno ufulu wopempha Nyumba ya Malamulo kuti ipange, isinthe kapena ichotse lamulo. Ndime 141 imalamula Nyumbayo kumva maganizo a anthu pa mabilu. Mukapita ndi nkhani ya bungwe, malaya a chipani asiyeni kunyumba.

Yambani ndi kabuku. Apa ndiye ndikufuna kutsindika, chifukwa chuma chathu ife timabungwe tating'ono ndi chimenechi. Phungu ali ndi galimoto ndi ofesi, koma sadziwa kuti mu mzere wa nyumba zakwanu ndi ana angati alibe mapepala. Inu mukudziwa. Banja lililonse likabwera, lembani chaka chobadwa cha munthuyo, komwe adabadwira, kaya kuchipatala kaya pafamu, komwe makolo adachokera, pepala lomwe likusowa, ndi chomwe adauzidwa atapita kukalifuna. Mawu omwe adauzidwawo alembeni mmene adawamvera. Pakatha miyezi ingapo mudzaona kuti nkhani zikufanana, ndipo pomwe zikufananapo ndi pomwe pali pempho lanu. Musanalembe dzina la munthu, mupempheni. Wina amaopa kuti akadziwika kuti alibe chitupa athamangitsidwa. Ine ndimalemba nambala m'malo mwa dzina, ndipo tsamba la maina limakhala m'sutikesi yokhoma.

Kenako dziwani lamulo lomwe likukhudza nkhani yanu. Kwa ife zidayenda chonchi. Mu 2001 lamulo la unzika lidasinthidwa, ndipo anthu ambiri obadwira muno omwe makolo awo adachokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia adapezeka kuti si nzika. Malamulo a 2013 adabweza zinthu: ndime 43 imati wobadwira mu Zimbabwe malamulowa asanasindikizidwe, yemwe kholo lake linali nzika ya dziko la SADC, ndipo iye ankakhala muno pa nthawiyo, ndi nzika yobadwa. Papepala nkhani idatha. Chotsala ndi cha munthu yemwe sangathe kusonyeza kuti adabadwira kuno chifukwa amayi ake adachirira pafamu ndipo mboni zidamwalira. Bungwe la Zimbabwe Human Rights Commission lidafufuza za mapepalawa m'dziko lonse nkutulutsa lipoti mu 2020. Lipezeni, litchuleni m'kalata yanu. Pomwe simukumvetsa funsani maloya, monga a Zimbabwe Lawyers for Human Rights. Safunsa adadya phula.

Pemphani chinthu chimodzi. Kalata yathu yoyamba inali ndi madzi, zimbudzi, penshoni ndi zitupa, zonse pamodzi, ndipo wowerenga sakadadziwa poyambira. Yachiwiri idali ndi pempho limodzi lokha: kuti umboni wa mtsogoleri wa mpingo kapena mphunzitsi wamkulu uzilandiridwa kwa munthu yemwe abale ake onse alibe mapepala. Tsamba limodzi, mawu aulemu, nkhani za mabanja awiri kapena atatu, basi.

Onaninso khomo loyenera kugogoda. Za zinyalala, misika ndi malo a manda ndi za khonsolo, yambirani kwa khansala wanu kenako ku Town House, likulu la khonsolo ya Harare. Za lamulo la dziko zimapita ku Nyumba ya Malamulo ku Mount Hampden. Chikalata cha pempho chimaperekedwa ku ofesi ya mlembi wamkulu wa Nyumbayo, ndipo chikavomerezedwa chimatumizidwa ku komiti yoona za nkhaniyo. Za zitupa ndi ziphaso zimagwera komiti yomwe imayang'anira unduna wa Home Affairs. Popeza ndime 149 imatchula nzika ndi okhazikika movomerezeka, amene asayine akhale mamembala omwe mapepala awo ali bwino. Iwo asayinire anzawo omwe alibe.

Komiti ikamazungulira kumva maganizo a anthu pa bilu, kapena pokonzekera bajeti chakumapeto kwa chaka, pitani. Masiku ake amalengezedwa m'manyuzipepala, ndipo a Veritas, bungwe lotsatira za malamulo, amawaika mu kalata yawo ya Bill Watch. Nthawi yolankhula imachepa, ndiye yesererani kunyumba. Koposa zonse, lolani mwini vuto alankhule yekha ngati wavomera. Gogo akaimirira nkunena kuti adabadwira muno, wakalambira muno, koma sangalembetse ngakhale laini ya foni m'dzina lake, holo imakhala chete. Ndime 6 imaika Chichewa pa zilankhulo 16 zovomerezeka, ndipo ine ndimayamba m'Chichewa kenako ndikubwereza m'Chishona, kuti aphungu amve kuti tilipo. Ngati msonkhano mukuitanitsa ndinu pamalo a anthu onse, funsani loya za kudziwitsa apolisi molingana ndi lamulo losungitsa bata la MOPA la 2019.

Itanani mabungwe a ku Mabvuku, Mbare ndi Epworth, a kumzikiti ndi a kutchalitchi omwe, asayine nanu. Popereka kalata tengani makope awiri, imodzi aidinde ikhale yanu. Lembani tsiku m'kabuku. Pakatha mwezi muli chete, bwererani ndi kope yodindayo mukafunse kuti pempho lanu lafika pa tebulo la ndani.