Musagule malo poona msipu wa mu February

Mwezi uno wa October ndayendera mabanja atatu kuno ku Phalula omwe anachoka m'tauni kudzakhazikika kumudzi, ndipo onse akulira madzi. Ndikafunsa kuti malowo anadzawaona liti, akuti mu February, chimanga chitamasula. Inde, nthawi imeneyo ngakhale pathanthwe pamamera udzu!

Balaka ndi boma lotentha, mvula yake ndi yanjomba. Milambe mukuiona m'mbali mwa msewu wa M1 ija imakonda malo ouma, ndipo sikuti yabisala. Koma munthu amatsika galimoto, kuponda dothi kawiri, kufunsa mtengo, basi walipira. Kamtsinje kamene kanali kodzaza tsiku limenelo pofika August ndi mchenga wokhawokha. Mjigo uli kutali, pamzere pali zidebe za mudzi wonse, ndiye iwe mlendo ubwere ndi migolo ya nkhuku 200?

Bambo wina wopuma pantchito wa ku Blantyre anandiyendetsa pamalo pake sabata yatha. Anabzala nthochi, anamanga khola labwino lanjerwa zootcha, nagula ng'ombe yamkaka. Ng'ombe yotere kukatentha imamwa madzi opitirira zidebe zitatu za malita 20 patsiku. Chitsime chake chinaphwa mu July. Pano akugula madzi kwa anyamata angolo, mkaka watsika, nthochi zapsa masamba ngati zawauka ndi moto. Akuti, "Alangizi, ogulitsa anandiuza kuti pano madzi savuta." Nanga wogulitsa akanati chiyani? Ndalama ya penshoni yomwe amati idzawadyetsa mpaka ukalamba ikuthera m'migolo, ndipo mayi abwerera kale kutauni kwa ana.

Chimene chimanditopetsa n'chakuti ofesi ya zaulimi ili pomwepa, kufunsa n'kwaulere, koma anthu amatipeza zinthu zitavuta kale. Ena amakakamiranso chimanga chokhachokha chifukwa kwawo ku Dedza kapena ku Thyolo ankatero. Chilala cha 2024 chija sichinatiphunzitse kanthu kodi? Kuno anzanu amadalira mapira, nandolo, khobwe, thonje ndi mbuzi.

Tsono ngati mukufuna malo, kawaoneni mu October kapena kumayambiriro kwa November mvula isanagwe. Za madzi funsani amayi pamjigo, osati wogulitsa, ndipo mulawe, chifukwa mijigo ina imatulutsa amchere. Funsani ngati m'mundamo mumamera kaufiti, ameneyo amakonda nthaka yoguga. Misangu ikakhalapo, nthaka ndi yabwinoko. Dothi mutha kukapimitsa kumalo a kafukufuku wa zaulimi ku Chitedze kapena ku Bvumbwe. Mubwererekonso mu January muone ngati msewu ukupitika komanso ngati madzi sakudikha pomwe mukufuna kumanga. Za malire ndi mapepala, khalani pansi ndi amfumu pamodzi ndi abale onse a mwini malo musanatulutse ndalama.