Kusankha chishalo cha njinga chosapweteka amayi pa ulendo wautali

Ndimakhala ku Chirimba, ndipo njinga ndiyo imandidyetsa. Kawiri pa sabata ndimapalasa kupita ku Lunzu kukapikula tomato ndi anyezi, ndipo Loweruka lina timanyamuka m'bandakucha ndi anzanga atatu kulowera msewu wa ku Zomba, kudutsa Limbe ndi Njuli mpaka ku Namadzi, n'kubwerera. Chaka choyamba ndinkafika kunyumba ndikuyenda motang'adza. Kumaso kunkachita dzanzi, m'mphechepeche munkanyuka, pokodza ndinkamva kuwotcha. Sindinauze munthu aliyense, poti nkhani za kumeneko amayife tinaleredwa kuti sitiyankhula pagulu. Ndikulemba izi chifukwa ndikudziwa kuti alipo achemwali ambiri amene anaimika njinga kuseri kwa chitseko, poganiza kuti thupi lawo ndilo lolakwika, chonsecho vuto ndi chishalo.

Nditavutika choncho, ndinagula chovundikira cha siponji chochindikala n'kuchiveka pachishalo. Ulendo wa pafupi unkakoma ndithu. Koma ndikangopitirira ola limodzi, ululu unkaposa kale. Chifukwa chake ndi ichi: pansi pa matako pali mafupa awiri amene timakhalira, omwe mumawamva mukakhala pa benchi ya matabwa. Thupi lonse liyenera kutsamira pa mafupa amenewo. Chishalo chikafewetsa, mafupawo amamira m'siponji, ndipo siponji yapakatiyo imatukuka n'kumakanikiza malo obisika, momwe muli mitsempha ndi mnofu wosafunika kusenza katundu. Dzanzi limachokera pamenepo. Choncho chimene mukufuna si chishalo chofewa, koma chotambalala molingana ndi mafupa anu.

Mafupawo yezani musanapite kumsika. Pezani chidutswa cha katoni yokhala ndi mizere mkati, ngati ija ya sopo kapena ya mafuta ophikira. Chiyikeni pa khonde la simenti kapena pa sitepe, mukhalepo mutavala chovala chopyapyala, mapazi muwaponde pa njerwa kuti mawondo akwere pang'ono. Weramirani kutsogolo monga mumachitira panjinga, mudikire mphindi imodzi. Mukadzuka mupeza timaenje tiwiri. Ngati sitikuoneka bwino, pakanipo khala mopepuka, titulukira. Lembani kadontho pakati pa kadzenje kalikonse, n'kuyeza ndi lula ya mwana wa sukulu kuchoka kadontho kena kufika kena. Ine ndinapeza masentimita 13. Pamenepo mumawonjezera masentimita 2 kapena 3, ndiye ine ndinafunika chishalo cha masentimita 15 ndi theka, poyeza pamene chatambalala kwambiri kumbuyo. Chimene chinabwera ndi njinga yanga chinali cha 13 basi. Mafupa anga ankalendewera m'mbali, ndipo ndinkakhalira pakati.

Musanamizidwe ndi kukula kwa matako. Mnzanga wina wa ku Ndirande ndi wojintcha kuposa ine, koma mafupa ake ndi oyandikana; wina ndi wochepa thupi, koma anapeza 14. Kawirikawiri mafupa a amayi ndi otalikirana kuposa a abambo, koma aliyense ayeze ake.

Kakhalidwe kanu panjinga nakonso kali ndi mbali. Ngati muli ndi njinga yakuda ija ya Hero, kapena ya Buffalo, imene mumakhala chowongoka msana, pafupifupi thupi lonse limatsikira pachishalo. Pamenepo chishalo chotambalala cha masipuling'i chimathandiza, makamaka m'misewu yafumbi ya mabampu. Koma pa njinga ya magiya, imene mumaweramira kutsogolo, chiuno chimapendekera kutsogolo ndipo kulemera kumasunthira kumaso. Apa chishalo chachikulu chija chimakhula ntchafu, ndipo chimene chimathandiza ndi cha mphuno yaifupi, yopyapyala, chokhala ndi ngalande kapena bowo pakati. Zishalo za bowozi zinafala m'zaka za m'ma 1990, ndipo mmodzi mwa amene anazitchukitsa ndi mayi wa ku America, Georgena Terry, yemwe anayamba kupanga njinga zolingana ndi matupi a amayi atawona kuti opanga njinga ankangoganizira abambo. Komabe bowo si mankhwala a aliyense. Likakhala lopapatiza, m'mbali mwake muli molimba, limatsina. Ine ngalande yosaya imandiyanja kuposa bowo loboola.

Mwana wa mlongo wanga amaphunzira kukwera njinga ya tayala limodzi, ija ya amasewera, ndipo atayamba kuyenda nayo mtunda anadandaula zomwezi. Pa imeneyo mulibe handulo yotsamirapo, ndiye kulemera konse kuli pachishalo. Zishalo zake zambiri ndi zopindika ngati nthochi, kutsogolo kotukuka, ndipo kwa mtsikana kumeneko ndiko kumakanikiza. Oyenda nazo maulendo ataliatali amasankha zafulati zokhala ndi ngalande, monga zimene amapanga Kris Holm wa ku Canada, n'kumangirira chogwirira kutsogolo kuti manja asenzeko thupi.

Tsopano kogula. Mumsika wa Limbe ndi wa Ndirande muli ogulitsa zipangizo za njinga, zatsopano ndi zakale zomwe. Tengani lula m'chikwama, musachite manyazi kuyeza pamaso pa wogulitsa. Dinani pamwamba pa chishalo ndi chala chachikulu: chizilowa pang'ono n'kubwerera, ngati peyala loti lipsa mawa. Chala chikamira mpaka kukhudza pulasitiki, chisiyeni. Sisitani ndi dzanja m'mbali ndi pamphuno, mumve ngati pali msoko wotukuka, chifukwa kamsoko kakang'ono kameneko kakakukhulani ulendo wonse kamasanduka chilonda. Chitembenuzeni, muone tizitsulo tiwiri ta pansi ngati sitinapindike, ndi pulasitiki ngati sinang'aluke. Zishalo zakale zochokera kunja nthawi zambiri zimakhala zolimba kuposa zatsopano zotchipa. Pitani ndi njinga yomwe, chifukwa chomangira cha njinga yakuda n'chosiyana ndi cha njinga ya magiya, ndipo mugwirizane ndi wogulitsayo kuti chikakanika mudzasinthe.

Chishalo chabwino chikamangidwa molakwika chimapweteka chimodzimodzi. Ndinaphunzira izi kwa bambo wina wachikulire amene amakonza njinga pansi pa mtengo kufupi ndi kwathu. Ndinamupatsa chishalo changa chatsopano ndikudandaula kuti nachonso chikundivuta. Sanachigwire n'komwe. Anati, "Mayi, takwerani mupalase mpaka apo ndikuoneni." Nditabwerera anati, "Chiuno chanu chikuvina uku ndi uku. Chishalochi chakwera, mukuchita kusakasaka mapedulo ndi zala." Anachitsitsa pang'ono, mwina sentimita imodzi ndi theka, kunyuka kwa m'mphechepeche kunatha sabata yomweyo.

Kayezedwe kake n'kosavuta. Tsamirani khoma, khalani pachishalo, pondani pedulo ndi chidendene pamene ili pansi penipeni. Mwendo uwongoke bwino popanda chiuno kupendekera. Mukamaponda ndi kutsogolo kwa phazi monga mwa masiku onse, bondo lidzapindika pang'ono, ndipo mpoyenera pamenepo. Pokweza, musapitirire mzere umene uli pa chitsulo cha chishalo, chingathyoke. Kenako onani mphuno. Ikani kathabwa pamwamba pa chishalo, njinga ili pamalo afulati, n'kugoneka botolo la madzi osadzaza pa kathabwako. Madziwo akuuzani kumene chapendekera. Yambani chili fulati. Ngati kumaso kukukanikizikabe, tsitsani mphuno pang'ono kwambiri. Mukatsitsitsa mudzaterereka kutsogolo, ndipo mikono ndi mapewa zidzalira potsika zitunda ngati za ku Thabwa pa msewu wa ku Chikwawa. Sipanala ya 13 kapena 14 imakwanira pa njinga zakuda, pomwe za magiya zimafuna alenikiyi, kachitsulo komasulira kopindika ngati L, ya 5 kapena 6. Sinthani chinthu chimodzi pa ulendo umodzi, kuti mudziwe chimene chathandiza.

Za zovala ndinenepo mosabisa. Jinzi ili ndi msoko wochindikala pakati penipeni, ndipo chitenje chikapindikira pansi panu chimakhula. Pa kaunjika pamapezeka makabudula a opalasa njinga, othina, okhala ndi kansalu kofewa pakati. Ogulitsa ambiri sawadziwa ntchito yake, ndiye satchaja zambiri. Amavalidwa opanda panti mkati, chifukwa misoko ya panti ndi imene imadula khungu likanyowa ndi thukuta. Pamwamba valani siketi kapena diresi monga mwa nthawi zonse, palibe adziwe. Chapani kabudulayo mukangofika, muyanike padzuwa, ndipo musakhale naye m'thupi mukugulitsa malonda tsiku lonse. M'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala ndimapaka Vaseline pang'ono m'mphechepeche ndisananyamuke. Panjira, pakatha mphindi 15 zilizonse ndimaimirira pa mapedulo kwa kanthawi kuti magazi ayende.

Chishalo chatsopano chipatseni maulendo atatu kapena anayi musanachiweruze, ndipo muzisiyanitsa ululu wake. Kuwawa kwa pa mafupa awiri aja, ngati mwakhalitsa pa benchi ya kutchalitchi, n'kwabwinobwino. Kumachepa pakatha sabata ziwiri thupi likazolowera. Koma dzanzi la kumaso, kutupa, kapena kuwotcha pokodza sizizolowereka, ndipo mukaziona bwererani ku muyezo kapena musinthe chishalo. Kachithupsa kakatuluka, pumulani masiku angapo, musakafinye. Kakakula, kakabwera ndi kutentha thupi, kapena dzanzi likakhala mpaka mawa lake mutatsika panjinga, pitani kuchipatala mukawauze anamwino zonse monga zilili.