Lekani kudalira mayina a makompyuta pa hosts allow

Nyengo ino yogula soya ndi chimanga, makopaletivi angapo a ku Katete, Chadiza ndi Petauke akudandaula chinthu chimodzi: mafayilo a m'madepoti sakufika pa seva ya ku Chipata. Aliyense akuloza chala netiweki. Netiwekiyo ilibe mlandu. Tsegulani log (kaundula wa zochitika) ya rsync, pulogalamu imene imatumiza mafayilowo, mupeza mzere wakuti "name lookup failed", pansi pake "connect from UNKNOWN", kenako seva yakana kompyutayo.

Vuto munalilemba nokha mu rsyncd.conf, fayilo ya makonzedwe a rsync pa seva. Pa hosts allow, mndandanda wa makompyuta ololedwa kulowa, munaika mayina a makompyuta, makamaka aja okhala ndi kanyenyezi (*) kutsogolo, poganiza kuti seva iwazindikira. Kompyuta ikagogoda pa port 873, seva imaona nambala ya IP basi. Ili ngati mlonda wa pageti amene mwam'patsa mndandanda wa mayina, koma obwerawo akungomuonetsa manambala. Imayamba yafunsa DNS, kaundula wogwirizanitsa mayina ndi manambala, kuti nambalayi ndi ya yani, ndipo yankho limachokera pa PTR record, mzere wa mu DNS wotchula dzina la nambalayo. Dzina likapezeka, imalifunsanso kuti ione ngati likubwerera ku nambala yomweyo. Zikapanda kugwirizana, mlendoyo ndi UNKNOWN.

Nanga PTR imeneyo anakulemberani ndani? Manambala oyamba ndi 192.168 ndi a m'nyumba mwanu, DNS ya Google ya 8.8.8.8 siingawadziwe ngakhale mufunse mpaka kuche. Madepoti ogwiritsa ntchito rauta ya simu khadi ndiye nkhani ina: magetsi akathima n'kuyakanso nambala imatha kusintha, ndipo PTR ya nambalayo ili m'manja mwa kampani ya foni, osati mwanu. Tsono DNS ya muofesi ikathima pamodzi ndi magetsi, seva imadikira masekondi 5 pa funso lililonse isanayesenso, inu n'kumati intaneti yachedwa.

Chimene chimandikwiyitsa n'chizolowezi chothimitsa rauta, kuyatsanso, zikakanika n'kukopera mafayilo pa fulashi n'kupatsa kondakitala wa minibasi. Fulashiyo ikafika mawa lake, ku Chipata kuli mndandanda wina, kudepoti kuli wina. Abambo ena a ku Chadiza anagulitsa soya wawo Lolemba, Lachinayi anakwera galimoto kubwera m'tauni kudzatenga ndalama. Kalaliki anafufuza dzina lawo, osalipeza. "Mwana wanga, risiti ndi iyi, kodi matumba aja anauluka?" Anagona kwa achibale ku Kapata, ndalama ya thiransipoti itapita pachabe, fayilo yawo ili phee pa kompyuta ya kudepoti.

Zochita n'zochepa. Muli pa seva, lembani lamulo lofunsira DNS la dig -x ndi nambala ya depotiyo. Ikapanda kubweza dzina, mwaligwira vuto. Pa hosts allow chotsani mayina, ikani manambala, kapena gulu lonse monga 192.168.1.0/24. Ngati rsync yanu ndi 3.1.0 kapena yatsopano kuposa apo, lembani reverse lookup = no pamwamba penipeni pa fayilo. Mukailemba pansi pa module yokha (gawo la fayiloyo lonena za foda imodzi), seva idzafunsabe dzina kompyuta ikangogogoda. Ofunitsitsa mayina awalembe mu fayilo ya /etc/hosts ya pa seva, koma apatse makompyutawo manambala osasintha. Madepoti a simu khadi adutsire pa njira zotetezedwa, SSH ndi makiyi kapena VPN, ndipo musasiye hosts allow yopanda kanthu pongofuna kuti ziyende lero.