Kumwa ma ARV pamodzi ndi mapilisi oonjezera magazi

Amayi oyembekezera, ndi nonse amene muli pa ma ARV koma mwapatsidwanso mapilisi oonjezera magazi, tamverani. Ambiri masiku ano tikumwa ma ARV otchedwa TLD, momwe muli mankhwala a dolutegravir. Ayironi, amene ali m'mapilisi oonjezera magaziwa, komanso kashiamu zimamata dolutegravir m'mimba, ndiye salowa mokwanira m'magazi, kachilombo n'kupezerapo mpata.

Mukafuna kumwera limodzi, imwani mukudya, nsima ili pomwepo. Ngati m'mimba mulibe kanthu, yambani TLD, papite maola 2, kenako ayironi. Mukayambira ayironi, dikirani maola 6 musanamwe TLD.

Mavitamini ogula nawonso ambiri ali ndi ayironi, werengani pabotolo. Mukamafooka, zikhatho n'kumayera, chonde musangothamangira kugula. Kayezetseni magazi kuchipatala, makamaka ngati muli pa ma ARV otchedwa AZT, poti amachepetsa magazi.