Momwe mungayendere yunivesite musanailembe pa fomu ya NCHE

Ophunzira ambiri amasankha yunivesite pa fomu ya NCHE, bungwe la boma loyang'anira maphunziro a ukachenjede, pongomva mbiri, n'kudzaiona koyamba tsiku lokayamba sukulu, chikwama chili kale paphewa. Ngati ya thiransipoti ilipo, kaiyendereni kaye.

Choyamba, dziwani kampasi yomwe kuli maphunziro amene mukufuna. Chigawidwireni UNIMA mu 2021, dzinali lidatsala ku Chanco ku Zomba, Poly idakhala MUBAS, ndipo College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zidaphatikizana kukhala KUHeS, yomwe ili ndi makampasi ku Blantyre ndi ku Lilongwe. LUANAR nayo ili ndi Bunda, cha ku Mitundu, komanso NRC (Natural Resources College). Mukapanda kufunsiratu, muwononga ndalama kukaona malo amene simudzaphunzirako.

Pitani pakati pa sabata, sukulu ili mkati. Pa holide zonse zimaoneka bwino chifukwa kulibe anthu: simungadziwe ngati mipando imakwana m'kalasi kapena ngati intaneti ya ku laibulale imagwira ophunzira akadzaza. Fikani m'mawa, mutatenga chiphaso chaunzika chosonyeza alonda pageti ndi pepala la zotsatira zanu za MSCE.

Yambirani ku ofesi ya Registrar. Makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi ndi poyambira chabe. Funsani kuti pulogalamu yanuyo imafuna kirediti m'maphunziro ati, chifukwa wina amatha kukhala ndi mapointi abwino koma n'kukanidwa kaamba ka Masamu kapena Chemistry. Funsaninso fizi ya pachaka ndi nthawi yopemphera ngongole ku HESLGB, bungwe la boma lopereka ngongole kwa ophunzira a m'mayunivesite. Ikakhala yunivesite yomwe si yaboma, onetsetsani kuti NCHE idavomereza pulogalamu yeniyeniyo. Kuvomerezedwa kwa sukulu sikutanthauza kuti maphunziro onse a pamenepo ngovomerezeka.

Tsono nthawi yochuluka isiyireni nkhani ya pogona, pakuti pamenepa ndi pomwe pamalira ndalama za makolo. Ku ofesi ya Dean of Students akuuzani momwe zipinda zimagawidwira, koma dziwani kuti mahositelo sakwanira aliyense. Choncho tulukani panja: ku Zomba mupite ku Chikanda, ku Mzuni muzungulire Luwinga. Yendani wapansi kuchokera pageti mpaka kumeneko, muone kuti mwatenga mphindi zingati, ndiye muganize ulendo womwewo usiku pochokera ku laibulale, kapena m'nyengo yamvula. Lowani m'chipindamo. Tsekulani mpopi, yang'anani loko wa pachitseko ndi chimbudzi, werengani mabedi. Afunseni a landilodi ngati magetsi ndi madzi zili mu renti, komanso ngati renti imalipidwa pa holide. Nkhani ziwirizi ndizo zimabutsa mikangano pambuyo pake.

Musatumize dipoziti pa Mpamba kapena Airtel Money kwa munthu amene mwangomupeza pa WhatsApp musanaone chipindacho ndi maso. Akathyali amadziwa kuti ongoyamba kumene amakhala ndi phuma.

Nkhomaliro kadyereni komwe ophunzira akudyera. Mtengo wa mbale ya nsimayo uchulukitseni ndi masiku a mwezi, muli ndi chiwerengero chokawauza makolo. Pomwepo chezani ndi a chaka chachiwiri kapena chachitatu a pulogalamu yanu, muwafunse kuti ndi phunziro liti limene ambiri amalembanso sapu (mayeso obwereza akalephera), nanga malo a atachimenti amawapezera ndani.